Mita Inkathamanga, Palibe Adakumba

Lachiwiri lapitali, nthawi itangopitirira pang'ono 4 koloko madzulo, kunja kukuwaza kamvula kosapha n'komwe fumbi, adatisiya mayi amene tabwera kudzawaperekeza lero. Dzina lawo la ubatizo lalembedwa pabokosi ndi papepala limene muli nalo m'manjamo. Koma mumzinda muno, aliyense amene paipi idamuphulikira pakhomo amawadziwa ndi dzina limene mapulambala adawapatsa: Mayi Kumbani.

Mbiri ino alemba ndi amuna awo, ndipo akuwerenga ndi mnzawo wa malemu wa kuntchito, chifukwa mawu a amuna awo sangafike kumbuyo kwa tenti. Akubanja adapempha kuti pofika pa za matenda pangolembedwa kuti "adadwala kwa nthawi yochepa," monga zimalembedwera masiku onse. Amuna awo ndi munthu wosazolowera kukana, koma apa akana. Malemu sadadwale nthawi yochepa. Adadikiritsidwa nthawi yaitali, ndipo ziwirizi n'zosiyana.

Malemu adabadwa m'chaka cha 1972, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima, kumene bambo awo ankagwira ntchito yokonza njanji. Adali oyamba kubadwa mwa ana atatu. Mayi awo adamwalira iwo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo kuyambira pamenepo ndiwo adalera mlongo wawo ndi mng'ono wawo, amene pa nthawiyo adali asadasiye kukwawa. Ankapita kusukulu atasambitsa kale ana awiri. Ngakhale zidali choncho sadabwereze kalasi. Kusekondale ankakonda masamu, ndipo ankatsutsa aphunzitsi akalakwitsa pabolodi, khalidwe limene lidawapezetsa zilango zingapo koma osalisiya. Atamaliza adaphunzira kutaipa ndi kulumikiza mafoni.

M'chaka cha 1994 adayamba ntchito ku kampani ya madzi, pa desiki yolandira madandaulo. Amene mudafikako mukukadziwa kachipindako: zenera limodzi loyang'ana kumene amaimika magalimoto, mapu a mapaipi a mzinda wonse atamatidwa pakhoma, mafoni awiri, ndi mpando umodzi. Pampando umenewo adakhalapo zaka makumi atatu. Adali ndi malamulo awiri okha. Loyamba lidali lakuti foni isalire kanayi, pakuti munthu amene nyumba yake ikusefukira amawerenga kulira kulikonse. Lachiwiri ankaliphunzitsa aliyense wobwera kumene pa desikiyo. Munthu akaimba kuti akukayikira kuti madzi akutayika koma sakuwaona, ankamuuza kuti atseke mipopi yonse ya m'nyumba, kenako akayang'ane mita. Mita ikamathamangabe mipopi yonse ili chitsekere, ndiye kuti pansi pa nthaka penapake pakudontha. Zikatero sankadikira kuti madzi aonekere pamwamba. Ankatumiza galimoto ndi mawu amodzi okha: kumbani.

Chaka china injiniya wina, wa madigiri ake awiri, adakana kukumba pasukulu ina ya ana aang'ono, ati pansi n'pouma ndipo mayi wa pafoni sangamuphunzitse ntchito. Malemu adaimbira mapulambala okha, nawauza kuti mlandu ukabwera ubwere kwa iwo. Atakumba adapeza kuti madzi adali atadya nthaka yonse pansi pa khonde la kalasi, patatsala simenti yokha yolenjekeka pamwamba pa dzenje lobisa munthu woimirira. Dzina lija lidayambira pamenepo. Injiniya uja ali nafe pano, ndipo ndi mmodzi mwa amene anyamula bokosi.

Amuna awo adawadziwa kudzera pafoni yomweyo. Iwo amagwira ntchito mulaibulale ya pakoleji, ndipo tsiku lina adapeza kuti mabuku a m'chipinda cha pansi ayamba kuchita nkhungu. Adaimba, nayamba ndi kupepesa chifukwa chosokoneza. Mawu a mayi adawadula: "Bambo, kwezani mawu. Madzi samva manong'onong'o." Adakwatirana m'chaka cha 1997. Kuyambira tsiku la ukwati mpaka sabata yathayi malemu ankawatchula amuna awo kuti Bambo Chete, ndipo ankakonda kuuza alendo kuti adakwatiwa ndi munthu amene amalipidwa chifukwa chouza anzake kuti asiye phokoso. M'nyumbamo ntchito idagawika bwino. Kukafunika kudzaza fomu, ankadzaza bambo. Kukafunika kubweza nsapato yong'ambika kusitolo, ankapita mayi. Mulungu adawapatsa ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna.

Kutchalitchi adali a m'kwaya zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ankatsogoleranso gulu loyendera odwala. Sankangopemphera n'kuchoka. Ankatsegula kabati kuona ngati mankhwala alimo, ndipo akapeza kuti wodwala wangosiyidwa, abale ake ankamva mawu tsiku lomwelo.

Tsopano tifike pa za thupi lawo, popeza nkhani imeneyi yayenda kale m'makona a tenti ino masiku atatuwa. Amuna awo ndi achete, koma si agonthi. Amva ena akunena kuti malemu adafera kufuna kuoneka ngati mtsikana, kuti akadakhutira ndi m'mene Mulungu adawalengera bwenzi ali moyo. Amene mwanena zimenezi mumve bwino. Malemu adali a thupi kuyambira ali mwana, ndipo sadachitepo nalo manyazi. Ankavala zowala, ankavina pa ukwati uliwonse. Koma zaka khumi zapitazi adapezeka ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mawondo adayamba kukana. Kutulo ankabanika mpaka kudzidzimuka. Chaka chatha diso lakumanzere lidayamba kuchita mdima, ndipo chilonda cha kuphazi chidatenga miyezi isanu kuti chipole. Mdzukulu wawo amakhala m'nyumba yapamwamba, yokwera masitepe khumi ndi asanu ndi awiri, ndipo agogo ake adali asadalowemo. Ankamudikira pansi, m'galimoto. Chimene ankafuna ndi phazi lawo, diso lawo ndi masitepe amenewo. Adayesa zonse zimene inu mumawalangiza m'misonkhano ya banja. Pomaliza madokotala adawalangiza opaleshoni.

Opaleshoniyo imatere. Amadula chifu n'kusiya kathumba kakang'ono ngati dzira, kenako kathumbako amakalumikiza ndi matumbo, kuti munthu azikhuta ndi chakudya chochepa. Dokotala wa opaleshoni adawafotokozera zonse moona mtima. Adati mwa anthu ochepa polumikizapo pamatha kudontha m'masiku oyamba, ngakhale atasoka bwino chotani, ndipo zikatero madzi a m'chifu amatayikira m'mimba. Adatinso zikadziwika msanga zimachizika. Malemu sadafunike kuwabwerezera. Adati, "Adokotala, zimenezo ndiye zathu. Paipi siidontha pakati, imadontha pa joini." Dokotala adaseka, nati akadakonda ophunzira ake akadamamva msanga chomwecho.

Opaleshoni idachitika Lachiwiri, ndipo idayenda bwino. Lachinayi adatulutsidwa, atapatsidwa pepala lokhala ndi nambala yoimba ngati pali chovuta. Amuna awo adatenga makadi akale a mulaibulale, aja ankalembapo maina a mabuku makompyuta asadabwere, nayamba kulembapo kuseri nthawi ya mankhwala, madzi amene amwa, ndi kagundidwe ka mtima. Palibe adawatuma. Ndi m'mene iwo amasamalira munthu.

Lachisanu 9 koloko m'mawa mtima unkagunda ka 112 pa mphindi. Pofika 11 koloko, ka 118. Pofika 1 koloko, ka 124, munthu ali chigonere osachita kanthu. Ankapuma mofulumira, ndipo phewa lakumanzere linkawawa. Amuna awo adaimba nambala ija. Idalira mpaka kuduka yokha. Malemu ali pabedi ankawerenga, ndipo adati yalira ka 14, kuti akadakhala wa pa desiki yawo bwenzi atalemba kale kalata yofotokoza. Ulendo wachitatu munthu adayankha. Sadafunse za mtima, ndipo atauzidwa sadafunsenso kachiwiri. Adati ndi mpweya umene umatsalira m'mimba, ayendeyende m'nyumba, utuluka. Malemu adayenda, atagwira khoma, kuchoka kuchipinda kufika kukhitchini n'kubwerera, kasanu ndi kamodzi, chifukwa adauzidwa kutero.

Loweruka 10 koloko m'mawa adapita kuchipatala, mbali yolandira odwala mwadzidzidzi. Adapatsidwa nambala, nakhala pabenchi. Dzuwa lidalowa pazenera, lidayenda pansi kuchoka kukhomo mpaka kufika pamapazi awo, iwo ali pomwepo. Amuna awo adali ndi makadi asanu ndi awiri m'thumba la jekete. Adawaonetsa pazenera la kalaliki, ndipo adauzidwa kuti akaonetse namwino. Namwino adati akaonetse dokotala. Lamba woyezera magazi sadakwane pamkono wa malemu, ndipo wamkulu adali wotsekeredwa m'kabati imene kiyi wake adali ndi munthu amene sabwera Loweruka. Mtima unkagunda ka 128. Namwino adalemba nambalayo ndi dzanja lake, nanena kuti anthu a thupi mtima wawo umathamanga choncho.

Mawu amenewo malemu adawamva moyo wawo wonse. Akapita ndi khutu lowawa, ankauzidwa kuti achepetse thupi. Akapita ndi chifuwa, chimodzimodzi. Tsopano adali atachita chimene ankauzidwa zaka zonsezo, adali atagona pansi pa mpeni, ndipo thupi lomwelo lidakhalanso chifukwa chosawayang'anira.

Cha m'ma 1 koloko adagwira dzanja la amuna awo, nanena motsitsa, mwina kwa nthawi yoyamba m'banja lawo: "Bambo Chete, leroli lokha, kuwani." Amuna awo adaimirira, adakonza jekete, adapita pazenera paja. Adati, "Pepani, ndikudziwa kuti mwatanganidwa kwambiri." Adauzidwa kuti aliyense pano akudwala, akhale pansi, aitanidwa. Adakhala pansi. Izi zalembedwa muno chifukwa zidachitika, ndipo mbiri yobisa mbali ya wolemba si mbiri. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kudzenje, koma sadanene kuti nthawi zina manyazi amakhala a wina, wofa n'kukhala wina.

Dokotala adawaona 3 koloko itadutsa. Adali wachinyamata, wotopa, ndipo sadali wamwano. Adadina pamimba, nati ndi pofewa. Adayeza kutentha kwa thupi, nati palibe. Malemu adamuuza m'chinenero chimene ankachidziwa: "Mwana wanga, mita ikuthamanga mipopi yonse ili chitsekere. Kumbani." Dokotala adamwetulira monga amamwetulira munthu mayi wachikulire akanena nthabwala. Makina ojambulira m'mimba adali pa khomo lachitatu kuchokera pamene adakhala. Nambala ya dokotala wa opaleshoni idali pamwamba pa pepala limene wachinyamatayo adali nalo m'manja. Sadajambule, sadaimbe. Adalemba mankhwala opha ululu, nati abwere Lolemba gulu la opaleshoni likayamba ntchito. Potuluka amuna awo adathokoza. Adali ndi pepala losainidwa, lodindidwa, ndipo munthu amene wakhala moyo wake wonse pakati pa mabuku amakhulupirira cholembedwa kuposa maso ake.

Lamulungu masana mwana wawo wamkazi adafika kuchokera kumene amagwira ntchito. Adapeza mayi ake ali thukuta lozizira, milomo itauma, asadataye madzi chiyambire dzulo lake. Sadafunse pepala. Adawanyamula ndi aneba awiri, ndipo atafika pazenera lomwe lija sadalandire nambala. Adamenya kauntala ndi chikhatho, adakuwa mpaka alonda adabwera, adakuwirabe alondawo. Adati sachoka, ndipo akamugwira akuwa koposa. Pasadathe mphindi khumi munthu wina adapeza foni, ndipo nambala ya dokotala wa opaleshoni idaimbidwa. Chipatala chidali chomwecho, Lamulungu silidali Lolemba, makina sadasunthe. Chidasintha ndi phokoso basi.

Dokotala wa opaleshoni adafika ndi zovala za kunyumba. Adagwira mkono wa malemu, nafunsa kuti mtima wayamba liti kutere. Amuna awo adatulutsa makadi aja, tsopano ali khumi ndi limodzi. Iyeyo ndiye munthu woyamba amene adawawerenga. Adawerenga ataimirira, limodzilimodzi, ndipo atafika pa khadi la Lachisanu 1 koloko adatseka maso kanthawi. Malemu adamwetsedwa madzi oonekera pa makina, najambulidwa. Zidatenga mphindi makumi awiri. Kuchokera pa khadi la Lachisanu m'mawa kufika pa chithunzi chimenecho padapita maola makumi asanu ndi asanu. Pa joini padali kabowo kosaposa mutu wa machesi.

Kuyambira pamenepo adasamalidwa monga munthu ayenera kusamalidwa, ndipo banja likuthokoza. Adabwerera ku opaleshoni tsiku lomwelo. Adatsuka m'mimba, adasiya timapaipi totulutsa mafinya, adawapatsa mankhwala amphamvu opha tizilombo kudzera m'diripu. Pakamwa sipankalowa kanthu, ngakhale dontho, ndipo chakudya chinkalowera mumtsempha. Patatha sabata adalowetsa kapaipi kena kudzera kukhosi kukatseka bowolo cha mkati, kuti mnofu upole popanda kunyowa. Anamwino a m'chipinda cha odwala mwakayakaya ankawatembenuza, kuwapaka mafuta milomo, ndi kuwapesa tsitsi. Bowo lija lidatsekeka ndithu. Koma zoipa zidali zitalowa kale m'magazi m'masiku awiri aja, ndipo impso zidafooka, kenako mapapo. Dokotala sadabise. Adati kudontha sikulakwa kwa munthu, kumachitika, ndipo ambiri amachira. Adati akadaitanidwa Lachisanu kapena Loweruka akadakhala ndi chiyembekezo chachikulu. Malemu adalimbana masiku khumi ndi asanu ndi limodzi.

Kalata yochokera kuofesi ya chipatala yafika dzana. Ili ndi mizere isanu ndi umodzi, ndipo ikuti malemu adamwalira ndi vuto lodziwika la opaleshoni yotere. N'zoona kuti ndi lodziwika. N'chifukwa chake banja likufunsa: ngati ndi lodziwika, bwanji mayi wa pa desiki ya madzi ndiye adalidziwa yekha m'nyumba yodzaza anthu ovala zoyera? Amuna awo ayankha kalatayo. Yawo ili ndi masamba anayi, ndipo mulibe mawu akuti pepani.

M'kati mwa pepala limene mwalandira muli khadi lakale la mulaibulale. Kutsogolo kuli dzina la buku, musalabadire. Tembenuzani. Amuna awo ataipa makadi mazana atatu, ndipo onse akunena chimodzi. Munthu akachitidwa opaleshoni ya chifu, masiku oyamba muziwerenga mtima wake. Ukapitirira 120 ali chigonere, akamapuma mofulumira, akamadandaula phewa lakumanzere kapena m'mimba, kapena akangonena kuti china chake sichili bwino, musadikire kuti thupi litenthe, musadikire Lolemba. Bwererani, itanitsani amene adamuchita opaleshoni, ndipo musachoke asadamujambule. Pansi pali mawu amodzi a malemu: kuwani. Sungani khadilo m'chikwama.

Pali chifukwa china chimene mbiri ino yatalikira. Mng'ono wawo wa malemu, amene adamulera okha, ali ndi matenda omwewo, ndipo tsiku lake la opaleshoni yomweyo lidaikidwa kale, mwezi wamawa. Abale ambiri mwamuzungulira masiku ano kumuuza kuti asayerekeze, aone zimene zachitikira akulu ake. Mukumukonda, tikudziwa. Koma malemu adasiya mawu. Masiku atatu asadamwalire adatsitsimuka kwa ola limodzi, mng'ono wawo ali pambali pa bedi akulira. Adamuuza kuti, "Iwe, pukuta mamina. Mpeni sudandilakwire, yandilakwira ndi benchi. Upite, shuga asakudye phazi. Koma upite ndi mwana wanga wamkaziyu, ali ndi pakamwa ngati ine. Alamu akowa azinyamula chikwama." Kenako adatembenukira kwa amuna awo, nawauza kuti asakwinye nkhope, chikwama nachonso ndi ntchito, ndipo makadi aja adalemba bwino.

Mng'ono wawo wasankha yekha, ndipo wapempha kuti zinenedwe pano kuti nkhani ithe: apita. Alamu ake adzanyamula chikwama monga adalamulidwa, pamodzi ndi wotchi ndi makadi. Sakulonjeza kuti adzakuwa bwino, pakuti sadaphunzire, ndipo zaka zapita. Chimene akulonjeza pamaso pa bokosi ili n'chakuti akadzauzidwa kuti akhale pansi, sadzakhala.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna, mkamwini mmodzi, ndi mdzukulu mmodzi amene amakhala pamwamba pa masitepe khumi ndi asanu ndi awiri. Asiya bambo awo okalamba, mlongo wawo, mng'ono wawo, anzawo a m'kwaya, ndi mapulambala makumi anayi amene sadziwa kuti tsopano azikalipiridwa ndi yani.

Amene akuwerenga mbiri ino akangomaliza, musawaimitse kuti mupereke moni, ndipo musawaone ngati achipongwe akachoka dothi lisadathiridwe. Ayenera kukalandira desiki 2 koloko. Galimoto ya mapulambala ikuwadikira pachipata, ndipo foni ija siyenera kulira kanayi.

Mayi Kumbani adadikira mokwanira. Kumene apitako asapatsidwe nambala, asakhazikidwe pabenchi. Apumule mu mtendere.